Kusaka kafukufuku wa matenda amgonagona pa PubMed ndi CINAHL

Takulandirani. Vidiyo iyi ndi ya anamwino, azachipatala ndi ophunzira amene akufuna mapepala a kafukufuku okhudza matenda amgonagona monga shuga, BP, mphumu ndi matenda a impso. Tiyambe ndi vuto lomwe limagwetsa ambiri: kulemba mawu oti chronic illness m'bokosi losakira n'kudikira kuti zonse zibwera.

Sizibwera. PubMed, nkhokwe yaulere ya National Library of Medicine ya ku America, ili ndi mapepala oposa 36 miliyoni, ndipo ambiri anapatsidwa mitu kuchokera mu mndandanda wotchedwa MeSH. Mutu wa Chronic Disease ulimo, koma shuga ndi BP sizili pansi pake. Pepala lonena za BP limapatsidwa mutu wa Hypertension, la shuga limapatsidwa Diabetes Mellitus. Ndiye mukasaka dzina la gulu lonse, mapepala ambiri a matenda enieniwo amakudutsani. Tchulani nthendayo.

Musanayatse kompyuta, lembani funso papepala. Lathu lero nali: kodi akuluakulu odwala BP kumwera kwa Sahara amathandizidwa bwanji kuti azimwa mankhwala mosadukiza? Muli mbali zitatu: nthenda, kamwedwe ka mankhwala, ndi malo. Mbali iliyonse tiisaka payokha, kenako tizilumikiza.

Tsegulani PubMed, dinani Advanced, mulembe mzere woyamba.

Pa sikirini: hypertension[mh] OR hypertens*[tiab] OR "high blood pressure"[tiab]

Chizindikiro cha mh chikutanthauza mutu wa MeSH, pomwe tiab chikuuza PubMed kuti iyang'ane m'dzina la pepala ndi m'chidule chake. Chifukwa chiyani zonse ziwiri? Mapepala amene angolowa kumene, komanso a m'magazini ena omwe sali mu MEDLINE, gawo lalikulu la PubMed lomwe mapepala ake amapatsidwa mitu, alibe mitu ya MeSH. Mukadalira MeSH yokha muwataya. Mukadalira mawu anu okha, mutaya mapepala amene olemba ake anasankha mawu ena. Kanyenyeziko kamatenga hypertension ndi hypertensive nthawi imodzi. Musadule liwu mofupikitsa kwambiri. Mukalemba hyper ndi kanyenyezi, mudzaza sikirini ndi za chithokomiro ndi zina zosakukhudzani.

Pa sikirini: "medication adherence"[mh] OR adheren*[tiab] OR complian*[tiab] OR nonadheren*[tiab]

Apa m'pofunika kudekha. Mapepala akale ankakonda liwu loti compliance, atsopano amakonda adherence, ndipo mutu wa Medication Adherence unangolowa mu MeSH mu 2009. Ndiye onse awiri alowe.

Pa sikirini: "africa south of the sahara"[mh] OR malawi[tiab] OR zambia[tiab] OR mozambique[tiab] OR "sub-saharan"[tiab]

PubMed imatenga yokha mitu yonse ya pansi pa mutu waukulu, choncho mayiko onse a m'chigawochi alowa kale kudzera mu MeSH. Mayina a mayiko tawalembanso chifukwa cha mapepala aja opanda mitu.

Tsopano pitani pa History, pansi pa tsamba lomweli. Mizere yanu ili ndi manambala. Lembani #1 AND #2 AND #3. OR imakulitsa ukonde, AND imachepetsa. Zonse zilembedwe ndi zilembo zazikulu. Ubwino wosaka mzere ndi mzere ndi woti zotsatira zikachepa modabwitsa, mumaona msanga mzere wolakwika. Dinaninso kamuvi ka Details kuti muone momwe PubMed yamvera mawu anu, chifukwa nthawi zina imawamasulira mwanjira yomwe simunafune. Ndipo koperani mizereyi m'fayilo yanu limodzi ndi tsiku lomwe mwasaka. History imafufutika mukakhala maola 8 osaigwira.

Chenjerani ndi NOT. Wina angaganize zolemba NOT HIV poti akufuna za BP yokha. Kuno kwathu kuteroko n'kudzibera. Kafukufuku wambiri wa BP ndi shuga ku Malawi amachitikira limodzi ndi chisamaliro cha HIV. Mwachitsanzo ku Neno kuli kiliniki yomwe imaona odwala a HIV ndi a matenda ena amgonagona pamalo amodzi. NOT imataya pepala lililonse lomwe latchula HIV, ngakhale likhale lomwelo limene mumalifuna.

Zosefera za kumanzere nazo zili ndi msampha wake. Mukadina Humans kapena zaka za odwala, PubMed imadalira MeSH, ndiye mapepala opanda mitu amasowa mwakachetechete. Free full text ndiye yokopa kwambiri bandulo ikamatha, koma ikutanthauza kuti mukusankha umboni potengera mtengo, osati ubwino wake. Sakani kaye zonse, za kupeza pepala lonse zibwere pambuyo.

Tipite ku CINAHL. Iyi ndi nkhokwe ya unamwino ndi ntchito zina zaumoyo, ya kampani ya EBSCO, ndipo ndi yolipira, choncho mufunse ku laibulale ya sukulu kapena chipatala chanu ngati ali nayo. Ili ndi magazini a unamwino omwe sali mu PubMed, ndipo pa mafunso onga momwe odwala amakhalira ndi nthenda tsiku ndi tsiku, kapena mtolo wa owasamalira pakhomo, ife timaona kuti kuidumpha n'kulakwitsa. Koma musangokopera mizere ya PubMed n'kuimata. CINAHL ili ndi mitu yakeyake: kamwedwe ka mankhwala kumeneko ndi Medication Compliance. Komanso siitenga yokha mitu ya pansi. Muyenera kudina Explode, ndipo mudzaona chizindikiro cha + chawonjezeka kumapeto kwa mutuwo.

Ngati funso lanu ndi loti njira yakutiyakuti imathandiza kapena ayi, yang'anani mu Cochrane Library musanataye masabata. Mwina ena anasonkhanitsa kale kafukufuku yense. Pa za ku Africa kuno onjezani African Journals Online, komwe kulinso Malawi Medical Journal, ndi African Index Medicus ya WHO. Google Scholar ndi yothandiza pofufuza amene anatchula pepala lomwe muli nalo kale, koma siionetsa zotsatira zopitirira 1,000, ndipo n'kovuta kuti wina abwereze kusaka kwanu n'kupeza zofanana.

Nanga pepala likafuna ndalama? Yang'anani kaye ngati lili mu PubMed Central, nkhokwe ya mapepala athunthu momwe zonse n'zaulere. Likasowa, pali Hinari, njira yothandiza mabungwe a m'mayiko osauka kuwerenga magazini azaumoyo olipira, yomwe WHO inayambitsa mu 2002 ndipo tsopano ili pansi pa mgwirizano wotchedwa Research4Life. Masukulu aukachenjede, zipatala zophunzitsira ndi maofesi aboma oyenerera ku Malawi amalowa mwaulere, koma amalembetsa ndi bungwe, osati munthu payekha, ndiye njira yolowera mukaifunse kwa woyang'anira laibulale.

Kuti muyese ngati kusaka kwanu kuli bwino, tengani mapepala atatu omwe mukudziwa kale kuti akuyankha funso lanu, muone ngati atuluka. Limodzi likasowa, litseguleni mu PubMed, muwerenge mitu ya MeSH yomwe linapatsidwa, ndipo liwu lomwe munalisiya mulionjezere pa mzere woyenera. Zikakhala bwino, dinani Create alert kuti mapepala atsopano azikupezani pa imelo, ndipo zotsatira muzitumize ku Zotero, pulogalamu yaulere yomwe idzakuonetsani mapepala amene atuluka kawiri kuchokera ku PubMed ndi CINAHL.