Mawu a m'mawa: mwaimika chiyani pafupi ndi diso?

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo? Lero tili pa Numeri 13:33, paja azondi amene Mose anawatuma ku Kanani anadziona ngati ziwala.

Musanayambe kuwerengetsera ngongole ija m'mawa uno, taisunthirani kaye kumbuyo.

Mu 1959 kampani ya Disney inatulutsa filimu ya Darby O'Gill and the Little People, yochokera ku nthano za ku Ireland za tianthu totchedwa leprechaun. Mukaionera, Brian, mfumu ya tianthuto, amalekeza cha m'mawondo mwa nkhalamba Darby. Komatu Jimmy O'Dea amene anasewera mfumuyo anali bambo wathunthu, ndipo nthawi imeneyo zojambula pa kompyuta kunalibe. Ankangomuimika kutali. Darby akaima mamita 3 kuchokera pa kamera, mfumu iime mamita 12: kutalikira kanayi, kuchepanso kanayi. Mipando ndi miyala ya mbali ya mfumu ankaipanga yaikulu kanayi, pansi n'kupentapo mofanana kuti polumikizira pasaoneke. Magetsi ankafunika ambiri zedi, chifukwa kuwala kukachepa mmodzi amaoneka mbuu. Awiriwo sankayang'anana n'komwe, aliyense ankalankhula ndi malo opanda munthu. Ndipo kamera ikangosendera pambali pang'ono, chinyengo chonse chili poyera.

Azondi khumi aja anaimika Aanaki, zimphona za m'dzikomo, pamphuno penipeni, Mulungu amene anagawa nyanja n'kumukankhira kutali. Kalebe ndi Yoswa anayenda dziko lomwelo masiku 40 omwewo, zimphona anaziona, koma anaima pena.

Nanga inu mayi, inu bambo, sabata yonseyi mwagona ndi chiyani pafupi ndi diso? Fizi ya mwana, lendi, zotsatira za kuchipatala. N'zenizeni, palibe akukana. Koma mwazifungatira mpaka zaphimba kumwamba, ngati chala chimene mwana amaphimbira nacho phiri lonse. Kenako mukudandaula kuti Ambuye achepa. Mwawaimika mamita angati?

Taisunthirani kumbuyo ngongoleyo. Simunaifafanize, ikadalipo, yangobwerera pa msinkhu wake. Yatsaninso magetsi: foni ikhale kaye pansi, tsegulani Salimo 121, muliwerenge mokweza madzi a tiyi asanawire. Mukatero senderani pambali, mutchule ndi pakamwa zinthu zitatu zimene Ambuye anakuolotsanipo chaka chathachi, mayina ake ndi miyezi yake.

Muyende bwino kuntchito, kumsika ndi kumunda.