Ma ARV ndi mafuta a m'thupi: nkhani ya pa msonkhano wa ku Mbare, mumzinda wa Harare

Zikomo amayi ndi abambo. Agogo kumbuyoko, mawu akufika? Chabwino.

Ambiri mukukumbukira masiku aja munthu akamwa ma ARV kwa nthawi, masaya ankalowa, matako kuphwa, mitsempha ya m'miyendo kuonekera poyera. Akadutsa pa msika wa Mbare Musika anthu ankangokodolana. Zimandiwawa mpaka lero, chifukwa ena anasiya mankhwala kaamba ka manyazi, ndipo tinawaika m'manda.

Mankhwala amene ankachita zimenezi kwambiri ndi stavudine, uja tinkamuti d4T, komanso AZT pang'ono. Mafuta athu amasungidwa m'timaselo ta pansi pa khungu. M'selo iliyonse muli tizigawo totchedwa mitochondria, tingoti timbaula topangira mphamvu. D4T ankazimitsa timbaulato, maselo n'kufota, ena kufa kumene. N'chifukwa chake ngakhale munthu asinthe mankhwala, adye sadza ndi nyama tsiku ndi tsiku, masaya amachedwa kubwerera, ena osabwereranso. Si ufiti, si njala. Mu 2010 bungwe la WHO linalangiza maiko kuti amusiye d4T.

Lero ambiri tikumwa TLD, piritsi limodzi patsiku, momwe muli dolutegravir. Tsopano zatembenuka. Kafukufuku wa ADVANCE ku Johannesburg anapeza kuti omwa dolutegravir amanenepa, makamaka amayi. Kunenepa kwina ndi thupi kubwerera mwakale pambuyo pa matenda, kumeneko tiyamike. Koma ife tinazolowera kuti wonenepa ndiye akudya bwino, ndiye apa tcherani khutu. Mafuta a m'ntchafu sandidetsa nkhawa kwenikweni. Amene ndimawaopa ndi a m'kati mwa mimba, ozinga chiwindi ndi matumbo, chifukwa amaitana shuga ndi BP mwakachetechete.

Abambo, amene mudakali pa ma ARV a efavirenz, mabere akayamba kukula kanenani kuchipatala, si chinthu chobisa.

Piritsi musasiye, chonde, ndikukupemphani. Mukasiya, kachilombo kamadzuka. Mukapita kukatenga mankhwala kwerani sikelo, pemphani anamwino akuyezeni BP ndi shuga. Chepetsani zozuna ndi zokazinga, yendani pansi pomwe mungathe. Kunyumba tengani chingwe, zungulizani pa mchombo, mangani mfundo pomwe chakumana. Mwezi wamawa muyesenso. Mfundoyo ikasiya kufika, chingwecho mupite nacho kwa adokotala.