Kusintha regulator ya alternator pa galimoto yakale

Zikomo amayi ndi abambo. Amene muli kumbuyo sunthirani kuno, chifukwa kachipangizo ndanyamulaka n'kakang'ono. Kameneka ndi regulator, ndipo pa galimoto zambiri kamakhala kumbuyo kwa alternator, chipangizo chija chotchaja batire injini ikamalira.

Alternator payokha sidziwa polekezera: injini ikathamanga kwambiri, nayonso imachulutsa magetsi. Woiletsa ndi regulator. Imayatsa ndi kuzimitsa mofulumira magetsi olowa m'chozungulira cha m'kati, chija amakanika amati rotor, kuti batire lizilandira ma volt a pakati pa 13.8 ndi 14.5. Magetsiwo amadutsa pa mabulashi awiri a kaboni amene amakhudza timphete ta kopa. Mabulashiwo muwakumbukire, tiwafuna posachedwa.

Musathamangire kogula, yambani mwayeza. Injini itazima, batire lodzaza limaonetsa 12.6 pa mita yoyezera ma volt. Lizani injini, yatsani nyale zakutsogolo, muyezenso. Mita ikadutsa 15, regulator yatha ntchito. Batire limawira n'kumanunkha ngati mazira owola, mababu n'kumangopsa. Koma ikakhala pansi pa 13, okayikiridwa ndi ambiri: lamba wolefuka, mitu ya batire yodzaza zoyerayera zija, waya wa ethi (wolumikiza ku chitsulo cha galimoto) womasuka, kapena ma diode opsa (tizipangizo ta m'kati mwa alternator tololeza magetsi kupita mbali imodzi yokha). Ngakhale kababu kofiira ka batire pa dashibodi. Mukuseka? Pa galimoto zambiri zakale magetsi oyamba odzutsa alternator amadzera pa kababu kameneko, ndiye kakapsa alternator imatha kungozungulira osatchaja. Tembenuzani kiyi osaliza injini, muone ngati kakuyaka.

Pali chizolowezi china chimene ndikupempha tisiye, chozula waya wa batire injini ikulira, ati kuona ngati ikutchaja. Batire ndi limene limameza magetsi akalumpha mwadzidzidzi. Mukalichotsa, kulumphako kumagwera pa ma diode ndi pa regulator yomweyo. Munthu amabwera ndi alternator yamoyo, kuyesako n'kuipha.

Tsopano ntchito yeniyeni. Zimitsani injini, chotsani waya wa negetivi poyamba. Waya wonenepa wa kumbuyo kwa alternator umachokera ku batire mwachindunji, sipanala ikaugunditsa ku chitsulo mudzaona moto. Jambulani mawaya ndi foni musanawamasule.

Alternator ya mtundu wa Bosch ndi yosavuta. Regulator ndi mabulashi n'chinthu chimodzi, chomangidwa ndi masikuluu awiri, ndipo malo akakhalapo simutsitsa n'komwe alternator. Ya Denso mumayamba mwachotsa chivundikiro chakumbuyo, ndipo mabulashi ali paokha. Yofuna mtima ndi Delco 10SI, chifukwa mumaigawa pakati. Lembani kamzere pa zigawo ziwirizo musanazilekanitse. Pobwezeretsa, kankhirani mabulashi m'malo mwake, lowetsani kawaya kowongoka pa kabowo ka kumbuyo kuti kawagwire, mangani, kenako muzule kawayako. Mukakaiwala m'menemo mabulashi sakhudza timphete, ndiye palibe kutchaja. Galimoto zakale kwambiri regulator yake ndi kabokosi kapadera komangidwa pa bodi. Imeneyo palani dzimbiri pomangirapo, chifukwa ethi yake imadzera pamenepo.

Mukatulutsa regulator yakale, iyang'aneni bwino. Mabulashi a Bosch akatsala osakwana mamilimita 5, ndiye kuti atha, ndipo kawirikawiri vuto lonse limakhala lomwelo. Pisani chala mukhudze timphete tija. Tikangoda, pukutani ndi sandipepa wosalala kwambiri. Tikakumbika ngalande zakuya, mabulashi atsopano sakhalitsa, bola kukonzetsa rotor kapena kusintha alternator yonse.

Mayi mwafunsa za kogula. Tengani yakaleyo m'manja, ndi nambala yolembedwa pa alternator. Zimafanana maonekedwe koma mapulagi amasiyana, ndiponso ilipo ya 28 volt ya malole, imene pa galimoto yaing'ono siyenera.

Polowetsa yatsopano, ipendeketseni pang'ono kuti mabulashi atsamire pa timphete, kenako muikankhe mofatsa. Kaboni sachedwa kuthyoka. Masikuluu mangani ndi dzanja, osakakamiza, pulasitikiyo imang'aluka. Bwezerani mawaya, negetivi pomaliza. Lizani injini, kababu kofiira kazime, mita ikhale cha pa 14. Pondani mafuta pang'ono nyale zili zoyaka. Nambalayo isakwere kufika 15, isagwenso pansi pa 13.5. Achimwene, bweretsani mita ija kuno, aliyense ayeze yekha pa galimoto ili apayi.