Makalata a Omvera: Madzi Alowa M'nyumba ku Budiriro

Moni nonse a ku Mbare, Mufakose, Highfield ndi Epworth kuno ku Zimbabwe. Sabata ino makalata abwera onyowa, nkhani ndi mvula yokhayokha.

Ndiyambe ndi mayi athu a ku Budiriro. Akuti: "Madzi analowa usiku, tinadzuka mapoto akuyandama. Matumba awiri a chimanga aola, khoma la kuchipinda cha ana lagwa. Kodi boma silingaike lamulo la inshuwalansi ya nyumba pa ngozi zotere?"

Pepani kwambiri, mayi. Kalata yanuyi yandikhudza, makamaka pa khoma la anapo. Zimene mukufunsazi kwina zilipo. Ku Turkey, chivomezi cha 1999 chitapha anthu masauzande, boma linalamula kuti nyumba za m'tauni zikhale ndi inshuwalansi ya chivomezi, moti wopanda chikalatacho samulumikizira madzi kapena magetsi. Ku France, kuyambira 1982, wolipira inshuwalansi ya nyumba amaonjezerapo kangachepe, boma n'kukhala nkhoswe ngoziyo ikakula kuposa mphamvu za makampani.

Ine ndikuti kunonso tikufunika zomwezo. Namondwe Idai atagumula Ngangu ku Chimanimani mu 2019, Freddy n'kusesa Chilobwe kwathu ku Blantyre mu 2023, ufa ndi mabulangete zinafika ndithu, koma ufa sumangira khoma. Komatu lamulolo lisaiwale amene alibe mapepala a malo. Ambiri anagulitsidwa mapuloti m'dambo ndi akathyali, ndipo madzi amayambira kwa iwowo. Lamulo lofuna mapepala basi lidzateteza olemera a ku Borrowdale, inu mayi n'kutsala panja.

Tsono ndikudzudzuleniko pang'ono, abale anga. Ya maliro timalipira mwezi ndi mwezi osaphonya, kusosaite sitijomba. Bokosi ena mwalimaliza kale kulipira muli amoyo, mukudya nsima bwinobwino! Nanga denga limene mukugonamo lero?

Bambo a ku Mufakose akuti inshuwalansi sadzaikhulupiriranso, zonse zimene anasunga zinasanduka mapepala mu 2008, ndalama ya dziko lino itatha mphamvu. Sindikutsutsani, bambo, ambiri analira nazo. N'chifukwa chake thumba loterolo lifunika kutetezedwa ndi lamulo lolimba. Ngati kampani ikukuzembani, dandaulo pitani nalo ku IPEC, bungwe loyang'anira makampani a inshuwalansi ndi penshoni.

Achemwali a ku Highfield, moni wanu wafika kwa agogo.

Achimwene a ku Epworth, za ngalande yotsekeka kauzeni akhansala, koma mabotolo ndi matewera ali mmenemowo achokera m'makomo mwathu momwe. Loweruka tengani fosholo, muitane ndi anansi.