Mowa ndi ubongo wa mwana wa m'mimba: zokamba pa msonkhano ku Chibavi

Zikomo amayi ndi abambo. Za kamwana kaja kodzandira poyenda mwamva nonse, ndipo ena mwayamba kale kuloza chala agogo ake. Siyani zimenezo, chavuta adzanena ndi adokotala akakayeza. Lero tikambe mmene mowa umawonongera ubongo wa mwana wa m'mimba.

Tagwirani kunkhongo kwanu. Mkatimo muli kaubongo kakang'ono, cerebellum, kamene kamawongolera miyendo ndi manja kuti musapepesuke. Kamakula mofulumira m'miyezi 3 yomaliza ya pakati, n'kupitiriza mwana atabadwa. Maselo ake, tizidutswa ting'onoting'ono topanga thupi, amatumizirana uthenga ndi mankhwala a m'thupi otchedwa glutamate, ndipo uthengawo umalowera pa timakomo tapadera ta pa selo.

Kuli mbewa za m'labotale zotchedwa Lurcher. Zimabadwa ndi mtundu umodzi wa timakomoti utangokhala chitsegukire. Pofika sabata yachiwiri zitabadwa, maselo akuluakulu a m'kaubongo kaja otchedwa Purkinje amayamba kufa, mbewayo n'kumayenda ngati yaledzera mpaka kale. Mowa umawononga mwa njira ina: umatchinga timakomo tina totchedwa NMDA, tomwe maselo aang'ono amadalira posamukira pamalo pawo. Tikatchingika nthawi imeneyi, maselo ambiri amafa. Choncho woyembekezera asamwe mowa.

(Mayi wina: "Nanga masese? Akuluakulu amati amawonjezera magazi ndi mkaka.")

Mwafunsa bwino mayi. Masese amakhutitsa chifukwa cha chimanga, koma choledzeretsa chili mmenemo n'chimodzimodzi ndi cha m'kachasu. Chimadutsa m'nsengwa n'kufika m'magazi a mwana pafupifupi mlingo womwewo wa mayi, pomwe chiwindi chake sichinakhwime kuti chichotse. Magazi amawonjezereka ndi mapiritsi a ayironi a kusikelo aja, omwe ena mumangowabisa pansi pa mphasa. Mkaka nawo, mowa umauchepetsa. Thobwa la lero imwani, koma likagona masiku n'kuyamba kusasa, lasanduka mowa. Inunso abambo, mumabwera nalo botolo pakhomo n'kumati "talawako pang'ono". Woyembekezera asamwe mowa, ngakhale wolawa.

Ndaona mukuyang'ana mitambo, ndifulumire. Sikelo yambani m'miyezi 3 yoyambirira. Ngati munamwa musanadziwe, lekani lero ndipo auzeni anamwino, musachite manyazi. Mwana akafika miyezi 9 osakhala yekha, kapena miyezi 18 osayenda, pitani naye ku chipatala cha Mapale, akaona kufunika akutumizani ku chipatala chachikulu cha Mzuzu Central. Buku lake la kusikelo musaliiwale.