Akakukanani thandizo, auzeni alembe chifukwa chake

Zikomo a Gulupu, mafumu onse, amayi anzanga ndi abambo. Mundilole ndiyankhule chokhala, mwendowu sulola kuima nthawi yaitali, makamaka kukazizira chonchi. Ambiri mumandidziwa, ndine uja amasoka pakhonde la sitolo pa Lizulu.

Tikubwera kuno bambo wina amene anakhalako ku Joni anandifunsa kuti, "Mayi, ndalama ya aulumali ija kuno tikalembetse kuti?" Ku South Africa ilipodi, boma limapereka mwezi ndi mwezi kwa munthu payekha dokotala akamuyeza. Kwathu kuno ambirife timadalira Mtukula Pakhomo, pulogalamu ya boma yopereka ndalama kwa mabanja osauka, ndipo iyo imayang'ana khomo lonse. Inayambira ku Mchinji mu 2006, kenako inafika m'maboma onse 28. Amasankha makomo osaukitsitsa, pafupifupi 10 mwa 100 alionse, amenenso mulibe munthu wamphamvu zogwira ntchito, kapena alimo mmodzi koma wasenza anthu oposa atatu monga ana, agogo, odwala ndi aulumali. Ndiye ndodo yangayi payokha singandilowetse. Amafunsa kuti pakhomopo pali ndani, mukudya bwanji.

Apa ndi pamene zinthu zimasokonekera, ndipo ine zinandionekera. Tsiku lolemba mayina ndinali kuchipatala ndi amayi anga. Mnyamata wolembayo anapeza mdzukulu wanga wa sitandade 5, n'kumufunsa anthu apakhomo. Mwanayo, poti ndi mwana, anatchulanso malume ake amene anachoka kalekale kukasaka maganyu ku Mozambique. Papepala zinaoneka ngati tili ndi mwamuna wadzitho pakhomo. Mayina atatuluka, langa panalibe. Ndinalira, sindikubisani. Miyezi iwiri ndinangokhala, kumangoti mwina a komiti ya Mtukula Pakhomo ya m'dera lathu amandida, mpaka ndinasiya kupereka moni kwa mayi wina wosalakwa. Chikhalirecho vuto linali mzere umodzi wokha papepala.

Tamverani bwino apa, chifukwa ndi chimene ndabwerera. M'malamulo aakulu a dziko lino a 1994, gawo 43 likunena kuti ofesi ya boma ikapanga chiganizo chokukhudzani, muli ndi ufulu wopatsidwa zifukwa zake molemba. Molemba, amayi. Mawu akuti "kompyuta yakukanani" si chifukwa. Kompyuta imabweza zimene munthu anaikamo, ndipo zikakhala zolakwika zimakonzeka. Koma simungatsutse chinthu chimene simukuchidziwa, n'chifukwa chake muyambe ndi kufunsa mwaulemu kuti, "Mwandisiya chifukwa chiyani? Ndilembereni."

Dandaulo liyambire pafupi, ku komiti ya m'dera lanu. Muonetsetse kuti alilemba m'buku inu mukuona, ndipo nanunso mulembe m'kope lanu tsikulo ndi amene mwayankhula naye. Ngati simutha kulemba kapena simuona, tengani munthu amene mumamukhulupirira. Amene samva apite ndi womasulira wa chinenero chamanja. Mutenge chiphaso cha unzika, buku la kuchipatala lija lolembedwa matenda anu, ndi kalata ya a mfumu yotsimikiza anthu amene amagonadi pakhomo panu. Ine inandiombola ndi kalata imeneyo. Musasiye mapepala enieni m'manja mwa munthu, kajambulitseni fotokope. Ndipo musazengereze ngati mmene ndinachitira ine.

Zikakanika m'mudzi, pitani kwa DC ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Kumenekonso mukapanda kuthandizidwa, kuli ofesi ya Ombudsman, imene ntchito yake ndi kumva madandaulo a anthu amene maofesi a boma sanawachitire chilungamo, ndipo salipiritsa. Aliponso a FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe athu aulumali, ndi a MACODA, amene kale tinkawatchula kuti MACOHA lisanabwere lamulo latsopano la anthu aulumali la 2024. Aliyense wokuuzani kuti mumupatse kangachepe kuti dzina lanu libwerere, ameneyo ndi wakuba, kamuneneni.

Tsopano za ntchito. Mayi wina wa kuno, wosaona diso limodzi, anasiya kukazinga zitumbuwa chifukwa anamuopseza kuti akamuona ndi beseni pamsika amufufuta pa mayina a olandira Mtukula Pakhomo. Zinandipweteka mtima. Ndalama ya Mtukula Pakhomo ndi yochepa, nonse mukudziwa, singakufikitseni kumapeto a mwezi. Eni ake a pulogalamuyi amalimbikitsa olandira kulowa banki m'khonde, kugula nkhuku, mbuzi, kuyamba kageni. Angakulimbikitseni bwanji chinthu chimene akuletsa? Ine kusoka ndinakaphunzira ku Magomero, kusukulu ya ntchito zamanja ya anthu aulumali, ndipo makina anga sindinawabisepo.

Chimene ndikupemphani n'chakuti akabwera kudzalembanso, nenani zoona zonse, zabwino ndi zowawa zomwe. Musangoti "ndimasoka." Nenani kuti ndimasoka masiku awiri pa sabata chifukwa tsiku lachitatu mwendo umatupa, kuti makasitomala amabwera anthu akagulitsa mbatatesi ndi kabichi kapena sukulu zikamatsegulira, koma Januwale ndi Febuluwale makina amangochita dzimbiri. Nenaninso ndalama imene imapita pa kabaza wopita kuchipatala, imene mnzanu woyenda bwino salipira. Geni ikadzakuladi n'kumadyetsa khomo chaka chonse, angathe kukutulutsani kuti alowe wina, ndipo ine pamenepo sindingadandaule. Koma bodza likagwidwa limakutsekerani njira, ngakhale tsiku limene muli ndi dandaulo loona.

Pakhomo pakasintha kanthu, wina wamwalira, mwana wabadwa, wolandira wasamuka, kauzeni a komiti msanga.

A Gulupu, ndathokoza pondipatsa mpata. Amene mayina anu anasiyidwa musathamangire kunyumba. Ndabwera ndi kope ndi zolembera ziwiri, ndikhala pabenchi ili pakhomo la tchalitchiyo, tilembere limodzi makalata ofunsa zifukwa.