Kagudumu ka pamwamba pa kamera: mukaike pa chilembo chiti?

Zikomo nonse chifukwa chobwera. Amene mwatenga kamera, itulutseni m'chikwama, lero sindikufuna muzingondimvera ngati wailesi. Yang'anani pamwamba pake. Pali kagudumu kolembedwa P, A, S, M, ndi pena pobiriwira pa Auto. A Canon mupeza Av m'malo mwa A, ndi Tv m'malo mwa S. Musadabwe, ntchito yake ndi imodzimodzi, Nikon ndi Sony ndiwo amalemba A ndi S.

Ndi angati amene chigulireni kamera sanakatembenuzepo kagudumuka? Eee, manja ambiri ndithu. Tsitsani, palibe chamanyazi, inenso ndinatha chaka chathunthu ndili pa Auto.

Chithunzi chimapangidwa ndi kuwala, ndipo kamera ili ndi zinthu zitatu zoyendetsera kuwalako. Mu lenzi muli kabowo kamene kamakula ndi kuchepa ngati kamwana ka diso, ojambula amati aperture. Pali shata, kachitseko kamene kamatseguka n'kutsekeka mukadina batani. Chachitatu ndi ISO, imene imawalitsa chithunzi kukakhala mdima, koma mukaikweza kwambiri, tinene 6400, chithunzi chimatuluka ngati mwachiwaza mchenga. Zilembo za pakagudumuka zikungonena kuti pa zitatuzi inu mwagwira chiti, ndipo kamera mwaisiyira chiti.

Pa Auto mwaisiyira zonse. Masana panja imajambula bwino, sindiinyoza. Vuto lake, kamera imaona kuwala kokha, sidziwa chimene mtima wanu ukufuna. Tsiku lina ndinkajambula mwana wa mchemwali wanga akuthamanga m'chipinda chachikulu madzulo. Kafulashi kanadzitsegula kokha, kanawalitsa mitu ya anthu amene anali pafupi nane, mwanayo patali apo n'kutuluka ngati mzukwa. Kafulashi kapamwambaka mphamvu yake imathera pa mamita ochepa chabe. Zithunzi zonse ndinafufuta.

Ndikanaika pa S. Pamenepo inu mumasankha nthawi imene shata ikhale yotsegula, kamera n'kusankha kukula kwa kabowo. Mwana wothamanga amafuna 1/500, kutanthauza sekondi imodzi yogawidwa ka 500. Mbalame youluka kapena mpira uli m'malere, yambirani 1/1000. Munthu wongoyenda, 1/250 yakwana. Kukakhala mdima, lolani ISO ikwere yokha, pali Auto ISO mu menyu. Kuli bwino chithunzi chamchenga koma nkhope ikuoneka, kusiyana ndi choyera bwino koma munthu ali mbuu.

Abambo kumbuyoko mwafunsa za manja onjenjemera. Funso labwino. Ojambula akale anali ndi lamulo lake: nambala ya pansi pa shata isachepere kutalika kwa lenzi. Lenzi ikakhala pa 200mm, musatsike pansi pa 1/200 mutagwira kamera m'manja. Makamera ambiri atsopano ali ndi chothandiza kuchepetsa kugwedezeka, koma chimagwira manja anu okha, sichiimitsa mwana wothamanga uja.

Tsono A, kumene ine ndimakhala masiku ambiri. Apa mumasankha kabowo, kamera n'kusankha shata. Nambala zake zimasokoneza poyamba chifukwa zimayenda chobwerera: f/1.8 ndi bowo lalikulu, f/16 ndi kakang'ono. Bowo lalikulu limalowetsa kuwala kwambiri, komanso limachititsa kuti nkhope yokha ioneke bwino, zakumbuyo zonse zisungunuke. N'zimene anthu amazisirira pa zithunzi za akatswiri zija. Koma chenjerani. Mukajambula gulu la anthu oima mizere itatu pa f/1.8, a kutsogolo atuluka bwino, a kumbuyo azikufunsani kuti munawalakwira chiyani. Gulu limafuna f/8. Mapiri ndi nyumba, f/8 kapena f/11.

Amayi apa akuti yawo ikukana kufika f/1.8. Tabweretsani ndione. Eya, ndi lenzi ya 18-55mm imene imabwera ndi kamera pogula, imalekezera pa f/3.5, ndipo mukaikokera ku 55mm imalekezera pa f/5.6. Sinawonongeke ayi. Chitani izi: ikani pa 55mm, yandikirani munthuyo, ndipo mumuchotse pakhoma aime patali nalo. Kumbuyo kusungunuka ndithu.

P sinditayapo nthawi. Ndi Auto yomvera: imasankha kabowo ndi shata, koma fulashi sidzitsegula yokha, ndipo ISO ili m'manja mwanu. Tizithunzi ta kamunthu kothamanga, kaphiri ndi kaduwa timene tili pa makamera ena, ndi zomwezi zokonzeratu.

Pa P, A ndi S pali batani lina limene ambiri salidziwa, lolembedwa +/-. Kamera imayesetsa kuti chithunzi chilichonse chikhale chapakatikati, chosawala kwambiri, chosada kwambiri. Ndiye munthu akaima patsogolo pa khoma loyera kapena pawindo, imaona kuwala kwachuluka n'kudetsa zonse, nkhope n'kusanduka chithunzithunzi. Makamaka ife akhungu lakuda zimatichitikira kawirikawiri. Dinani batanilo mupite ku +1, kuwala kuwirikiza kawiri, nkhope ibwerera. Mukamaliza mubwezere pa 0, apo ayi mawa mudzadabwa.

Nanga M? Pali anyamata ena amene amati wojambula weniweni sachoka pa M. Ine sindivomereza. Pa M mumasankha zonse nokha, ndipo imathandiza pamene kuwala sikukusintha: mu situdiyo, pojambula katundu patebulo, kapena usiku pojambula nyenyezi kamera ili pa miyendo itatu, shata yotsegula masekondi 15 kapena 20. Koma kunja, mtambo ukaphimba dzuwa inu mukadali kupotokola timagudumu, chimene mumafuna kujambula chapita kale. Woona chithunzi sadzakufunsani kuti munali pa chilembo chanji.

Ndiye musanadine batani, dzifunseni kuti chingawononge chithunzi ichi n'chiyani. Ngati ndi kuyenda kwa chinthucho, S. Ngati ndi kuti ndani aoneke bwino ndani asungunuke, A. Tiyeni tituluke panja awiriawiri. Mmodzi athamange, mnzake amujambule pa 1/30, kenako pa 1/500, musinthane. Pakatha mphindi 20 tibwerere muno tidzaonetsane. Achimwene, chotsani kaye chivundikiro cha lenzicho.